Ng'ombe za Mwendo wa Margareta

Felton adamunyamula yekha wakubayo pa njinga yake, mamailosi asanu ndi anayi, chitunda chokhachokha. Lidali Lachisanu, mwezi wa Meyi, 1979. Pakaliyala padakhala Abrahamu, atsibweni a mkazi wake, atavala jekete la ku tchalitchi. Ankapita ku esiteti ya fodya ya Mwalawanyani, kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kukamva za chipukutamisozi.

Miyezi inayi m'mbuyomo, thirakitala ya pa esitetipo idaponda Margareta, mkazi wa Felton, ali pa ganyu yothyola fodya. Kuchipatala adamudula mwendo wakumanzere m'munsi mwa bondo. Adokotala adati mwendo wochita kupanga uliko ku Blantyre, koma pafunika ndalama.

Atafika pageti, Abrahamu adatsika nadzisasa fumbi.

"Inu dikirani pompano."

"Koma wovulalayo ndi mkazi wanga," adatero Felton.

"Ndinu mkamwini inu. Mudabwera kudzakwatira, osati kudzayankhula milandu ya mbumba yanga."

Felton adakhala pansi pa bulugamu. Akadatani? M'mudzi mwa Kamtsitsi iye adali wobwera. Nyumba adamanga yekha, koma dothi lidali la akuchikazi. Ana ake awiri nawonso adali a akuchikazi. Tsiku lililonse akadatha kumuuza kuti nyamuka, iye nkunyamuka.

Nthawi ya leveni koloko Abrahamu adatuluka muofesi nkhope ili yakugwa.

"Zakanika. Mwini esiteti iyi ndi wamkulu m'chipani. Akuti amene atchulenso za ndalama imutenga Landirova."

Zaka zimenezo mawu otere ankatseka pakamwa mudzi wathunthu. Felton adapalasa njinga kubwerera kumudzi, thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti m'thumba la jekete kumbuyo kwake muli makwacha mazana asanu ndi limodzi.

Mwezi wa Julaye Abrahamu adatulukira ndi ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo yatsopano, penti akununkha. Adati wagula ku Chisepo ndi ndalama za mtedza. Mtedza wake utiwo? Felton adakumba nawo mtedzawo, sudakwane ndi matumba atatu omwe.

Kuyambira tsiku limenelo Felton sadakhazikikenso. Akalowa m'nyumba, nkutuluka. Akagwira nkhwangwa, nkuisiya. Ankaona mkazi wake akudumphadumpha ndi ndodo kupita kuchitsime, ngolo ija ikumudutsa itanyamula njerwa za eni ake, ndipo mtima unkamuwawa zedi. Koma adalibe poyambira.

Loweruka lina masana, mumsika wa Mponela, wina adamukoka malaya. Adali Enoki, dalaivala wa thirakitala ija, amene adamuchotsa ntchito ngoziyo itachitika.

"Achimwene, nkhani ija imandivutabe mumtima," adatero Enoki. "Mwendo uja adakawaika?"

"Ndi ndalama ziti?"

"Si zija adalandira madala ajekete? Ndidaliko tsikulo, ndinkadikira malipiro anga otsiriza. Adadinda chala ine ndikuona."

"Adatiuza kuti mwini esiteti adaopseza za Landirova."

"Landirova iti? Mwini wakeyo ndi m'busa wopuma, ngakhale nkhuku sangaiopseze. Adachita kuwagwira dzanja madalawo, kupepesa."

Felton adaiwala palafini amene adadzagula. Adafika kumudzi dzuwa likadali m'mwamba, napeza Margareta ali pakhonde, akusola mtedza. Adamufotokozera zonse monong'ona. Mkaziyo adamva osadukiza, manja ali chilili pa lichero.

"Ndiye mufuna mutani?"

"Ndipita kupolisi."

"Mukawamangitsa atsibweni, pano simukhalapo. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Ana sakupatsani."

"Nazonso ndikudziwa. Koma ndiziona ng'ombe zija zikudya msipu, iwe ukukwawa?"

Margareta adayang'ana pamene padathera mwendo wake, nakokera nsalu kuphimbapo.

"Pitani. Mukanene kuti ndakutumani ndine."

Lolemba m'mawa Felton adali pa kauntala ya polisi ku Mponela. Sajeni Yosefe Kaphiri adali munthu wamfupi, wosakonda mawu ambiri. Adalemba zonse, nafunsa funso limodzi lokha.

"Mwaiganizira bwino nkhaniyi, akamwini?"

"Ndaiganizira, bwana."

Lachiwiri sajeniyo adapita ku esiteti. Kalaliki adatulutsa pepala. Padali dzina la Margareta, padali mawu akuti ndalamazo nzogulira mwendo ndi kumusamalira wovulalayo, ndipo pansi pake padali chala cha Abrahamu, inki yochita kuwala.

Koma m'mudzi nkhani sibisika. Wina adamuona Felton akutuluka kupolisi. Pamene Sajeni Kaphiri ndi wapolisi mnzake ankafika kwa Kamtsitsi Lachitatu, nthawi ya eyiti koloko, khola lidali pululu. Ngolo padalibe. Abrahamu padalibe.

"Apita kuti?" adafunsa sajeni.

Amayi onse adayang'ana pansi. Amayi ake a Margareta, mlongo wake wa Abrahamuyo, adalavula malovu chakumene kudaima Felton.

Sajeni sadafunsenso. Ngolo siuluka. Mateyala ake atsopano adasiya mizere iwiri m'fumbi, yolunjika njira ya kwa Dzoole. Apolisi adailondola pa njinga, Felton ali pambuyo. Adadutsa minda ya chimanga chokololedwa kale, nakwera chitunda, natsikira kudambo. Nthawi ya teni koloko adamva munthu akukalipira ng'ombe.

Ngolo idali itatitimira mumchenga pakamtsinje. Abrahamu ankakwapula ng'ombe zija ngati zidamulakwira. Ataona zipewa za apolisi sadathawe. Adaponya chikwapu pansi, naimika khosi.

"Ng'ombezi mukupita nazo kuti, madala?" adafunsa sajeni.

"Kukadyetsa."

"Ndi ngolo yomwe?"

Sajeni adamuyandikira.

"Ndalama za ku Mwalawanyani mudalandira?"

"Ndidalandira. Nanga akadalandira ndani? Uyu?" Adaloza Felton ndi mlomo. "Margareta ndi mwana wa mlongo wanga. Mbumba njanga. Mwendo udadukawo ngwakwathu. Mwana wanga akavulala, chipepeso chimabwera kwa ine. Ndi mmene adatisiyira makolo."

"Makolowo adanenanso kuti muzinamiza wovulalayo?"

"Ng'ombezi nza mbumba yonse. Mwendo wamtengo ungalime munda?"

Apa Felton adalephera kudzigwira.

"Chiigulireni ngoloyi, mudamukwezapo ndi kamodzi komwe? Kuchipatala ndimachita kumubereka kumsana."

"Khala chete, mkamwini!"

"Ayankhule," adatero sajeni. "Lero ndi mboni ya boma." Adatulutsa unyolo. "Manja kuno."

Mlandu udalowa m'khoti patatha milungu itatu. Enoki adaperekera umboni. Kalaliki adabwera ndi pepala lake. Margareta adaima ndi ndodo zake ziwiri, ndipo atamufunsa ngati adalola kuti ndalama zake zigule ng'ombe, adayankha mawu amodzi okha, "Iyayi," osayang'ana kumene adakhala amayi ake. Woweruza adati mwambo umapatsa atsibweni udindo wosunga mbumba, osati woidya. Abrahamu adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu, akugwira ntchito yakalavulagaga. Ng'ombe ndi ngolo zigulitsidwe, ndalama zipite m'manja mwa Margareta mwini wake.

Pobwerera kumudzi madzulo, Felton adapeza katundu wake ali panja. Bulangete, khasu, nkhwangwa, sutikesi yapulanga, zonse atazisanjika bwinobwino pabwalo. Apongozi ake adakhala pakhomo, ana awiri aja atawagwira manja.

"Mwamangitsa mwini mbumba wathu," adatero mayiwo. "Ntchito yanu yatha. Dzuwa lisakuloweleni pano."

Palibe adamuikira kumbuyo. Amuna anzake, akamwini okhaokha, adangozyolika. Felton adaziyembekeza zimenezi, komabe misozi idalengeza. Adamanga katundu wake pang'onopang'ono. Kwawo kudali kuseri kwa phiri la Ntchisi, ulendo wa tsiku lathunthu. Mwana wamng'ono adayamba kulira, agogo ake namukokera m'nyumba.

Ali pafupi kutuluka m'mudzi adamva kugogoda kwa ndodo pambuyo pake. Margareta ankabwera akudumpha, akupuma mwawefuwefu, amayi ake akumukuwira kuti abwerere. Sadacheuke.

"Bambo a ana, taimani."

Felton adaima.

"Lero sindingathe kukutsatani. Ndi ndodozi phiri lija sindikwera." Adapuma kaye. "Ku Blantyre andiuza kuti ndipite mwezi wamawa. Ndikakavala mwendowo, ulendo wanga woyamba ngwakwanu. Ana ndibwera nawo."

"Akakukaniza?"

Margareta adapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu, nayang'ana mudzi wonse umene udaima kumuonerera.

"Andikanize ndani? Wondiyankhulira uja ali kundende."