Miyendo ya a Njobvu

Ndinali nditangotha miyezi iwili pa kakiliniki ka ku Luembe, nditachokela kwathu ku Mansa. Tsiku limenelo, Lachinayi, mnzanga wa ntchito anapita ku Nyimba kukatenga mankhwala. Ndinatsala ndekha.

Dzuwa litangolowa, ndikutseka mawindo, ndinaona bambo wina atakhala pa benchi. Sindinawamve akubwela. Buluku lawo linali lonyowa mpaka m'chiuno.

"Odi, asisita. Ndine Jethro Njobvu. Miyendo yandilemela."

Ndinawakhazika pa bedi n'kuyatsa tochi. Ndinagwila dzanja lawo, zala ziwili pa mtsempha, maso pa wochi. Dzanjalo linali lozizila ngati mwala wa mumtsinje. Ndinadikila. Palibe chinagunda. Ndinasuntha zala. Ndinayesa pakhosi. Zii. Ndinagwila dzanja langa. Mtsempha wanga unali kugunda.

Ndinatenga kanyundo ka mphila n'kugogoda m'munsi mwa bondo. Mwendo wa munthu ukaugogoda pamenepo umadumpha wokha. Uwu unangolendewela. Bondo linalo, chimodzimodzi. Kumbuyo kwa chidendene, chimodzimodzi. Madzi anali kudontha kumapazi awo, osaleka.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa.

Polankhula, chifuwa chawo sichinkakwela.

Ndinachita mantha. Ndinanama.

"Muli bwino, bambo. N'kutopa chabe."

"Ndiye ndingapite kunyumba?"

"Pitani."

"Zikomo. Ndinali kukayika."

Anatuluka akukoka mapazi, osatembenuka.

M'mawa mwake kunafika ngolo ya ng'ombe. Munatsika mayi wa maso otupa, mpango wakuda kumutu.

"Ndinu munapima amuna anga mailo madzulo?"

Ndinavomela ndi mutu.

"Ndine Rabecca, mkazi wa a Njobvu. Bwato lawo linagubuduzika pa Luangwa Lolemba. Tinawaika m'manda Lachitatu."

A Rabecca anasendela pafupi n'kupitiliza.

"Mailo usiku anabwela kunyumba. Akhala pakhomo pathu. Akuti asisita anena kuti ndili bwino. Ana ndawatulutsila pawindo, koma wamng'ono wakakamila mkati. Atate ake akumuitana ndi dzina, akuti abwele amunyamule."

Azimayi amene anali pamzele wa sikelo anayamba kunong'onezana. Munthu wotelo sachoka, anatelo mmodzi, mpaka amene anamunamiza apite akamuuze zoona pamaso.

A Rabecca anandigwila mkono. Sanali kulila.

"Kwelani, asisita. Mwana wanga wayamba kuyankha."