Chala Chakumanzere cha Jageshar

Ine sindine munthu wa zamizimu. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito yotayipa ndi kusunga mafayilo mu ofesi ya Bwana Chhabra, loya wa milandu ya anthu ovulala pantchito kuno ku Faridabad, ndipo zoipa zonse zimene ndinaona zinali ndi miyendo iwiri ndi nsapato zopolisha. Koma ichi ndinachiona masana, dzuwa likuswa mtengo. Vaishali Dagar anachionanso. Mukamupeza kukhoti mumufunse ngati ine Kamlesh ndimanama.

Vaishali anali loya wamng'ono, wa miyezi isanu ndi iwiri pantchito, jekete lake lakuda likadali ndi fungo la m'sitolo. Bwana ankamuponyera milandu imene iwo ankaona kuti ilibe mafuta. Umodzi unali wa Jageshar, bambo wa ku Bihar amene ankayendetsa makina opondera zitsulo m'fakitale ina yopanga zipangizo za galimoto. Makinawo anamudya chala chachikulu chakumanzere ndi zina ziwiri. Ntchito anamuchotsa sabata yomweyo. Ankafuna chipukuta misozi cha kulumala, poti ana ake atatu ankadyera m'dzanja lomwelo.

A fakitale anayankha ndi pepala limodzi. Linati Jageshar akuvomera kuti tsikulo analedzera ndipo safuna kanthu. Pansi pake panali chidindo cha chala, cha inki yapepo.

Kuno munthu wosadziwa kulemba amadinda chala chachikulu: mwamuna chakumanzere, mkazi chakumanja. Kalaliki aliyense amazidziwa ngati dzina lake. Choncho kalaliki wa fakitale, osaganiza n'komwe, analemba m'munsi mwa chidindocho kuti, "Chala chachikulu chakumanzere cha Jageshar." Deti lake linali masiku awiri ngozi itachitika.

Ndine ndinayamba kuona.

"Madamu, kusukulu munathako zaka zingati?" ndinamufunsa Vaishali.

"Bwanji, Kamlesh didi?" Didi ndi mawu aulemu akuno, ngati kunena kuti achemwali.

"Werengani detilo. Mukatero mukumbukire dzanja la mwini wake."

Anawerenga. Anatsitsa kapu ya tiyi pang'onopang'ono.

Tinamuitanitsa Jageshar. Anabwera atakulunga dzanja m'mpango, nakhala m'mphepete mwa mpando ngati wobwereka. Atayang'ana pepalalo anagwedeza mutu.

"N'changa ichi, Madamu. Onani mzere woyera wodutsa pakatiwu. N'chipsera cha chikwakwa, ndili mwana tikudula tirigu."

"Munadinda liti?"

"Ndidinde ndi chiyani? Ine ndinali gone kuchipatala. Zala zinatsala m'makina. Kapitawo anazitola n'kukulunga m'nyuzipepala. Ziwiri anapatsa mkazi wanga. Chachikulu anati chinasowa."

Ndinaona m'maganizo munthu wamkulu, wa ana ake, atagwira chala chakufa, akuchinyika mu inki n'kuchigubuduza papepala bwinobwino kuti mizere ituluke.

Jageshar anatsitsa mawu. "Chimazizidwa, Madamu. Apa pamene palibe chalapa pamazizira ngati pali ayezi. Mu ofesi ya kapitawo muli firiji, momwe amasunga chakudya chake. Ndiye nthawi zina ndimamva wina akuchikanikiza."

Vaishali sanalembe zimenezo m'fayilo. Ine sindinaziiwale.

Mlandu unali woti ulowe Lachinayi. Lachiwiri Bwana Chhabra anakadya nkhomaliro ndi anthu a fakitale, nabwerako akugeya, bokosi la maswiti lili m'khwapa. Anaitana Vaishali, chitseko chili chotsegula.

"Mlandu wa Mbihari uja tikuuchotsa m'khoti."

"Koma bwana, deti lija..."

"Deti! Iwe mwana, anthu awa zala zawo zimayoyoka ngati masamba. Ukati ulire chala chilichonse udzakalamba ukunyamula mafayilo a anzako. Kamlesh, tayipa kalata. Uyu asaine mawa."

Ndinatayipa. Sindine mngelo.

Lachitatu kunatentha koopsa. Cha m'ma thuu koloko magetsi anazima, chokupiza mphepo cha kudenga chinazungulira kawiri n'kuima. Mu ofesi tinalimo awiri, ine ndi Vaishali. Kalata inali patebulo pake, cholembera chili m'manja. Anali atakhala choncho mphindi makumi awiri, osasaina, osakana.

Kenako linabwera fungo. Poyamba mafuta a makina. Pansi pake panali lina, la nyama imene yatuluka m'firiji n'kubwereramo kambirimbiri. Ntchentche zitatu zinalowa pawindo. Sizinapite ku maswiti. Zinatera pakalata.

"Didi, mwamva?" Vaishali ananong'ona.

"Khalani chete."

Tinamva kaphokoso kakang'ono. Nyaa. Ngati chinthu chonyowa chikumatuka papepala.

Vaishali anakankha mpando. Pamalo oti asaine panali chidindo. Chapepo. Chonyowa. Mzere woyera ukudutsa pakati.

Kabokosi ka inki kanali m'dirowa yanga, kiyi ali pachingwe m'khosi mwanga. Ndinatsegula. Kanali kotseka.

Ndinatulutsa kope lachiwiri la kalatayo, poti ndimasunga awiri nthawi zonse. Ndinaliyala ndekha, n'kuligwira m'makona ndi manja onse. Maso anga sanachoke pamenepo. Pepala linabonyoka pang'ono pakati, ngati wina walitsamira. Kuzizira kunandikhudza pamkono.

Nyaa.

Pomwepo Bwana Chhabra analowa, thukuta lili kamukamu, akudya samusa ya m'pepala la mafuta. Ataona makalata awiriwo anakwiya.

"Masewera anji awa? Kamlesh, onetsa manja!"

Ndinawaonetsa. Oyera. A Vaishali oyeranso.

"Mwagwirizana eti? Chabwino. Tayipa ina, ndisaina ndekha." Analuma samusa, natafuna, akutiloza ndi chotsalacho. "Ndipo mutsegule mawindo, muno mukununkha ngati kophera mbuzi."

"Bwana," anatero Vaishali. Mawu ake anali aang'ono. "Samusayo."

Anayang'ana.

Pachikopa cha samusa panali chidindo chapepo. Theka lokha. Mzere woyera unathera pamene panadutsa mano awo.

Theka linalo anali atameza.

Anasanzira pafayilo ya munthu wina wosalakwa. Ndine ndinakolopa, ndipo sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono. Akupukuta kukamwa, ndinaona pakhosi pawo, pambali pa kholingo, kadontho kapepo kozungulira. Sindinawauze. Anakaona okha pagalasi.

Vaishali anang'amba makalata onse awiri. Lachinayi anapita kukhoti popanda Bwana, Jageshar ali pambuyo pake. Sanalankhule zambiri. Anapereka pepala la fakitale kwa woweruza, nawerenga deti mokweza, kenako anamasula mpango n'kukweza dzanja la Jageshar kuti aliyense aone. Woweruza anawerenga detilo kawiri. Loya wa fakitale anapempha madzi akumwa.

Madzulo ake Bwana anamuchotsa ntchito Vaishali. Ine ndinatola makina anga otayipira n'kumutsatira ku katebulo kake ka pansi pa malata, kuseri kwa khoti. Mlandu unatenga miyezi khumi ndi umodzi, koma Jageshar anawina.

Tsiku lokalandira chipukuta misozi tinapita atatu. Kalaliki wa khoti, mkulu wa magalasi okhuthala, anatulutsa fomu yatsopano m'kabati, tonse tikuona.

"Chakumanzere," anatero mwachizolowezi, osadzutsa mutu. Kenako anaona mpango uja. "Pepani, achimwene. Bweretsani chakumanja, ndilemba chifukwa chake."

Anatembenuza fomuyo kuti amuonetse podinda.

Panali chidindo kale. Inki isanaume.

Kalaliki anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Ntchentche imodzi inatera pamphepete pa pepala.

Jageshar anawerama, nayang'ana mzere woyera uja nthawi yaitali.

"Chanditsogolera," anatero.

"Chikuzizidwabe?" ndinamufunsa.

Anasisita pachitsa pamene panali chalacho. "Ayi, didi. Lero chafunda."

Apolisi atapita kukatsegula firiji ya kapitawo anapezamo botolo la madzi, mbale ya chakudya, ndi nyuzipepala yopindapinda yothimbirira inki. M'kati mwake munalibe kanthu.