Ngumbi za Dyna ndi Soseji ya Aizhan

Holo ya sukulu ku Germantown, kutsidya kwa nyanja kutali ndi Malawi, inali itadzaza thothotho, nyimbo zili pamwamba, fungo la zakudya za mayiko osiyanasiyana likulimbana m'mphuno. Linali tsiku la zikhalidwe, ndipo aliyense anabwera ndi chakudya cha kwawo. Koma Dyna, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, mtima unali phaphapha. Patebulo pake panali mbendera ya Malawi ndi mandasi basi. Kontena ya ngumbi zokazinga, zimene azakhali ake anatumiza kuchokera ku Dedza, inali chibisire m'chikwama. Ndani angatulutse tizilombo pamaso pa Bruce, mnyamata wa ku Lusaka woseka munthu ngakhale pongoyetsemula?

Tebulo loyandikana linali la Aizhan wa ku Kazakhstan, mnzake wapamtima wa Dyna, amene ankakhala naye mpando umodzi m'basi ya sukulu. Iye anali atayala soseji yoduladula bwino. M'basimo ndi mmene tsiku lina anamunong'oneza Dyna kuti kwawo soseji imeneyi amapanga ndi nyama ya hatchi, ndipo anamupempha kuti asauze aliyense.

Posakhalitsa Bruce anatulukira ndi gulu lake, baga, banzi ya nyama pakati ija, ya pa shopu ya kuseri kwa sukulu ili m'manja, mafuta akutsetsereka m'zala. Ananunkhiza mpweya, maso n'kugwera pa chikwama.

"Iwe Dyna, muli chani mu chola umo?"

Kalanga ine, mantha ndi oipa! Dyna sanaganize kawiri. Analoza tebulo la mnzake n'kukuwa m'Chingerezi kuti holo yonse imve: "Bwerani mudzaone! Uyu akudyetsa anthu hatchi!" Ngati kuti zimenezo zinachepa, anawonjezera kulira ngati hatchi, mapazi akupalasa pansi.

Kuseka kwake! Ena anagwira pamimba, ena anatulutsa mafoni. Amene anali atatenga kale soseji anaibweza msangamsanga.

"Iyi ndi ya ng'ombe," anatero Aizhan. "Bambo anga aikonza okha dzulo tsiku lonse. Hatchi timadya kwathu, ndipo timapatsa alendo olemekezeka." Palibe anamva. Aizhan anamuyang'ana Dyna kamodzi kokha, n'kuyamba kulongedza mbale zake.

Nthawi yomweyo amayi a Dyna analowa, akadali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Zaphokosolo sanazidziwe. Anapatsa Aizhan moni, natola kachidutswa ka soseji n'kuponya m'kamwa.

"Aunty, musadye, ni hosi iyo!" anakuwa Bruce.

"Kaya ndi hatchi kaya ndi ng'ombe, koma ndiye kukoma!" anatero amayiwo akutola kena. "Wakonza ndani, mwanawe?"

"Bambo anga."

"Wamva, Bruce? Iyi mwini wake tikumudziwa. Nanga baga yakoyo wakonza ndani? Nyama yake inaphedwa liti?" Bruce anayang'ana baga ija, nyama yake yopyapyala ngati soli ya patapata.

Kenako amayi anatembenukira ku tebulo la mwana wawo, nkhope n'kuwala. "Ee, Dyna! Ngumbi zija zatha kale? Ndinakuuza ine kuti azikonda!"

Dyna anachita manyazi oti nthaka imumeze. Amayi ake anadzuka m'mamawa kukazinga ngumbizo asanapite kuntchito, chimodzimodzi bambo a Aizhan ndi soseji yawo. Ndipo Aizhan anali akutseka chikwama, wapaulendo. Akatuluka pakhomo paja, ubwenzi wathera pomwepo.

Dyna anawerama, natulutsa kontena ija, nakaiika pakati penipeni pa tebulo la Aizhan. Anatsegula.

"Izi ndi ngumbi," anatero mokweza. "Ndi tizilombo touluka, timatuluka pachulu mvula ikagwa. Kwathu timadya, inenso ndimadya. Ndinazibisa, n'chifukwa chake ndinaseka Aizhan." Anatapa zodzaza dzanja n'kutafuna, kukurukuru!

Holo inaphulikanso. "Tizilombo! Akudya tizilombo!" Mafoni onse anatembenukira kwa iye. Koma mwadzidzidzi munthu anakankha anzake n'kusuzumira m'kontenamo. Anali Bruce, maso ali tong'o.

"Inswa! Mayo, ni inswa izi! Zaka zisanu osaziona!" Kani kwawo ku Lusaka nakonso amadya ngumbi, amazitcha inswa. Anaponya baga patebulo n'kutapa ndi manja awiri. Anthu inu, Bruce yemwe uja! Anzake ataona choncho anayamba kubetcherana kuti wolimba mtima ndani, ndipo mzere unafika mpaka pakhomo. Wolawa ngumbi ankalawanso soseji, chifukwa amayi a Dyna anali atatsegulanso mbale ya Aizhan ija n'kumagawa okha.

Aizhan yekha sanalawe, sanasekenso. Dyna atati "Pepa," iye anangoyang'ana kumbali.

Madzulo m'basi, Dyna anapeza Aizhan atayika chikwama pampando paja amakhala iye Dyna. Anaima mukanjira, osadziwa kolowera, basi n'kunyamuka. Inadutsa malo oimira amodzi, kenako achiwiri, iye ali chiimire. Pamapeto pake Aizhan anakoka chikwama chija n'kuchiika pamiyendo, maso akadali pawindo.

"Zatsalako?" anafunsa.

Dyna anakhala pansi, natulutsa tingumbi tisanu timene anamusungira m'kapepala.