Banga pa Chithunzi cha Zaina

Hamadi anachoka pachipatala mwezi utakwera kale, envulopu yaikulu ili m'khwapa. Ntchito yake inali yotsuka zithunzi za ekisire m'kachipinda ka mdima, koma cha tsiku limenelo chinali cha mwana wake yemwe, Zaina, amene chifuwa chinamukanirira chikololereni chimanga. Paphapo lakumanzere panali kabanga kotuwa. Adokotala anati mwina ndi mankhwala otsukira, poti anali atasukuluka. Hamadi anavomera msangamsanga. Ndi bambo uti angakane mawu okoma chonchi?

Komatu iye ankadziwa poyesera pake. Banga la mankhwala limakhala pamwamba, ukapendeketsa chithunzi limaonekera lokha. Tsiku lonse sanalimbe mtima kupendeketsa.

Njira ya kwawo ku Rivirivi inali zii. Nkhungu inali itayala pamtsinje, mlatho ukuoneka ngati ukuyandama. Ankangoyenda ngati ali kutulo, mapazi osawamva.

Pakati pa mlathowo panaima mkulu wina wa mkanjo woyera.

"Salamu aleikumu, baba. Mwanyamulacho tione nawo."

Mmene anaperekera, Hamadi sakudziwa mpaka lero. Mkuluyo anakweza chithunzicho kumwezi, tinthiti ta Zaina n'kuwala mbee. Abale inu! Tinayamba kukwera ndi kutsika... kukwera ndi kutsika... ngati mwana ali mtulo.

"Ndi mankhwala chabe," anatero Hamadi.

"Iyayi, baba. Pendeketsani."

Hamadi anachilandira n'kuchipendeketsa. Pamwamba panali see! Bangalo linali m'kati.

"Changanso chinali chotere," anatero mkuluyo mofatsa. "Anati ndi mankhwala, ine Sabiti n'kubwerera kwathu ndikuseka njira yonse."

Atatero anakhosomola. Mapewa anagwedezeka. Koma phokoso... osamveka!

Hamadi anatsinzina. Potsegula maso, nkhungu yokhayokha.

Anafika kunyumba ali wefuwefu, napeza mkazi wake Lukiya akumudikira pakhonde ndi koloboyi. Anamufotokozera zonse, mawu akudukaduka.

"Che Sabiti atelala aja?" Lukiya anagwira pakamwa. "Iii, bambo a Zaina, ajatu tinaika kalekale, ine ndili ndi pakati pa mwana yemweyu. Chinawatenga ndi chifuwa chachikulu."

M'nyumba Zaina anakhosomola, kachifuwa kouma kosafuna kuleka. Mantha a mzukwa anamuthera Hamadi pomwepo, n'kubwera ena oposa.

"Tengani chitenje mundiberekese mwanayo," anatero. "Tikubwerera kuchipatala."

"Usiku uno? Podzera pamlatho pomwepo?"

"Pomwepo."