Mapira a Tithokoze

Kwa Makhuwira, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kunalibe munthu wosadziwa khomo la a Elisha ndi akazi awo a Esinala. Sikuti anali olemera ayi. Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, kuseri kuli khola la mbuzi ndi mtengo wa nimu umene unkapulumutsa banja lonse dzuwa la Okutobala likayamba misala yake. Chimene chinkawatchukitsa n'chakuti a Elisha, mkulu wa mpingo, bodza silinkawakhala pakamwa. Akamagulitsa mbuzi ankayamba ndi kuuza wogulayo kuti ikutsokomola. Anzawo ankawaseka kuti malonda sawatha, iwo n'kumangomwetulira.

Mwana wawo wamkazi, Tithokoze, ndiye anali chonyadira chawo. Mutu unalipo, zimenezo sitingamumane. Anafika kuyunivesite kumene anaphunzira za ulimi, ndipo atamaliza digiri yoyamba anapeza mwayi wochita yachiwiri. Kuti aimalize, lamulo linali lakuti achite kafukufuku, alembe zimene wapeza, ndipo zolembazo zituluke m'magazini ya akatswiri, imodzi mwa zija zimene anthu ophunzira a m'maiko onse amawerenga n'kukhulupirira.

Anamupatsa ntchito yoyesa mbewu yatsopano ya mapira, yaifupi yolekeza m'chiuno, yocha msanga. Funso linali limodzi lokha: kodi mbewuyi ingapose mapira ataliatali a makolo m'minda ya kuchigwa? Malo oyeserera anamupezera kwa Katunga, kutsidya lina la Shire, kutali ndi kwawo. Anadula timinda, anakhoma zikhomo, n'kudzala mitundu iwiriyo moyandikana mwezi wa Disembala.

Poyamba ankapitako sabata iliyonse, tepi yoyezera ndi kope zili m'manja. Koma kutentha kwa kuchigwa sikuona digiri ya munthu, ndipo Tithokoze anali atazolowera kamphepo ka kumtunda. Ulendo wa pasabata unasanduka wa pamwezi. Masiku amene sanapiteko ankangolemba zoganizira, akudziuza kuti mapira ndi mapira basi, sangakule mosiyana kwenikweni ndi mmene iye akuganizira. Loweruka lina ali kwawo, mayi ake anamupeza pansi pa nimu akudzaza masamba atatu a kope lija, ndipo anamufunsa ngati kwa Katunga wapondako sabata imeneyo. Iye anayankha kuti zonse akuzikumbukira.

"Titho, ukulemba zimene sunaone," anatero a Esinala. "Amene adzawerenge zimenezo sadzadziwa kuti unali pansi pa mtengo. Adzayesa zoona."

Tithokoze anaseka, nati amama za sayansi sazidziwa. Mayiwo anangonyamula lichero lawo n'kumapita.

Mwezi wa Malichi Shire anasefukira, ndipo madzi anagona m'minda ya kwa Katunga masiku asanu. Ataphwera, Tithokoze anapita kukaona. Mapira atsopano aja anali atamira onse, ngala zake zitaola m'matope, zikununkha ngati gaga wovunda. Mapira a makolo anali chiimire, opendekeka inde, koma ngala zili pamwamba, zouma. Yankho la kafukufuku wake linali pamenepo, loonekeratu ngakhale kwa wosaphunzira. Koma iye sanaone yankho. Anaona digiri yake ikupita ndi madzi, chifukwa mumtima mwake ankakhulupirira kuti palibe magazini imene ingasindikize nkhani ya mbewu yolephera.

Anabwerera kusukulu nkhope ili yakugwa, ndipo kumeneko anakumana ndi Maclean. Ameneyu anali wophunzira wamkulu, wochita za udokotala, amene dzina lake linali litatuluka kale m'magazini kasanu ndi kanayi ngakhale nsapato zake zinali zisanalawepo matope a m'munda. Anamvetsera nkhani yonse akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Ndiye mukulirira zimenezi, achemwali? Madzi a mu Shire salemba kalata kwa mkonzi. Lembani zokolola zimene mbewuyo ikanabereka pakanapanda madzi. Si bodza limenelo, ndi kuthandiza chilengedwe pamene chinalakwitsa."

Tithokoze anakumbutsa Maclean kuti magazini isanasindikize kanthu imayamba yatumiza kwa akatswiri ena awiri kuti aunike, ndipo amenewo angathe kununkhiza chinyengo. Maclean anaseka mpaka misozi. Anamufotokozera kuti magazini imene iye amaidziwa imapempha wolemba kuti atchule yekha akatswiri oyenera kuunika. Iye akanapereka maina a maprofesa awiri akunja, enieni ndithu, koma ma imelo ake akanakhala opeka, ogwera mufoni ya Maclean yemweyo. Chimene ankafuna n'chaching'ono, anatero, kungoti dzina lake likhale lachiwiri pamwamba pa pepalalo.

Masiku atatu Tithokoze anakana. Tsiku lachinayi anatsegula laputopu. Nambala yoyamba kuipeka inamutengera ola lathunthu. Yachiwiri sinavute kwenikweni, ndipo pofika madzulo anali atakolola matumba a mapira m'minda imene munali matope okhaokha. Za madzi osefukira sanatchulemo n'kamodzi komwe. Mphunzitsi womuyang'anira, munthu wotanganidwa ndi misonkhano, anangowerenga tsamba loyamba n'kusayina. Maclean anadziunika yekha kawiri, nadziyamikira m'Chingelezi chokoma, ndipo mu Seputembala pepala linatuluka likunena kuti mapira atsopano amabereka kuwirikiza kawiri a makolo m'chigwa cha Shire.

Zikanathera pomwepo, mwina Tithokoze akanangokhala wabodza wa digiri ngati ena ambiri. Koma bungwe lina lothandiza alimi linawerenga pepalalo, ndipo linaganiza zogawa mbewuyo. Pofuna malo oyambira, anaona kuti palibe kwina koposa kwawo kwa wolembayo. Anafika kwa a Elisha.

Bambowo atagwira pepala lokhala ndi dzina la mwana wawo, maso anadzaza misozi. Chingelezi chake sankachimva chonse, koma iwo anakula akudziwa kuti chinthu chosindikizidwa chimakhala chitayesedwa ndi anthu oopa kunama. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi, analikweza m'mwamba, nauza mpingo kuti mbewuyi waiyesa ndi mwana wawo yemwe, ndipo iwo akuikirapo dzina lawo. Mabanja makumi atatu ndi awiri analembetsa. Pasanathe sabata anthu anali ataipatsa kale dzina, mapira a Tithokoze.

Kuchigwa kuno mbewu ya mapira saisunga m'thumba. Pokolola, mayi amasankha ngala zonenepa, n'kuzimanga m'mitolo, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizitchinjiriza kwa anankafumbwe. Njala ingavute bwanji, mitolo imeneyo saikhudza. Koma chaka chimenecho njala inayamba msanga, ndipo anthu atamva kuti mbewu yabwino ikubwera, mmodzimmodzi anayamba kutsitsa mitolo yawo n'kupita nayo kumtondo. A Elisha nawo anati yawo afumbike chimera, aphike thobwa lolandirira mwana. A Esinala anakana masiku awiri, akuti mbewu imeneyo anaitenga kwa mayi awo ndipo sinawagonekepo ndi njala chaka n'chimodzi chomwe. Amuna awo anawafunsa ngati akukayikira mwana wobala okha, ndipo mayiwo anakwera pampando n'kutsitsa mitoloyo.

Tithokoze anafika pa kabaza masana a Loweruka, n'kupeza pakhomo podzaza anthu, amayi akulululutira. Anamupatsa chikho choyamba. Atamva kumene chimera chachokera, anasuzumira m'khitchini, ndipo kudenga kunali zingwe zokhazokha. Anaika chikho pansi. Anakokera bambo ake pambali, nawapempha kuti chaka choyambachi adzale theka lokha, theka linalo afunefune mbewu yakale.

"Usadzichepetse, mwananga, Mulungu wakukweza," anatero a Elisha. "Kapena pali china chimene sunatiuze? Ngati chilipo nena, ine ndine bambo ako."

Mpata unali umenewo. Mvula inali isanagwe, ndipo m'midzi yoyandikana mbewu yakale ikanapezekabe. Tithokoze anayang'ana amayi ovina aja, anayang'ana nkhope ya bambo ake yowala ndi chimwemwe, n'kuyankha kuti palibe.

Atabwerera kusukulu anapita kwa Maclean kukapempha kuti alembere mkonzi, pepala lichotsedwe. Maclean sanaseke ulendo uno. Anamuuza kuti akangoyerekeza, onse awiri achotsedwa sukulu, ndipo woyamba kunyozeka m'tchalitchi adzakhala bambo ake omwewo. Kuyambira pamenepo Tithokoze anasowa mtengo wogwira. Ankatsegula imelo, kulemba mizere iwiri, n'kufufuta. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kuona zanyengo pafoni. Anayamba kupemphera pemphero lochititsa manyazi, loti Mulungu atseke madzi chaka chimodzi chokha kuti bodza lake lisaoneke. Mayi ake akaimba foni kumuuza kuti mapira amera bwino, obiriwira, ofanana msinkhu ngati ana a sukulu pamzere, iye ankangoti tithokoze Ambuye.

Kumapeto kwa Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osalekeza kumapiri a Thyolo. Mtsinje wa Livunzu unatsika ndi ukali, Shire naye anakana kulandira, ndipo madzi anabwerera m'minda. Sanali madzi oopsa ogwetsa nyumba ayi. Anali madzi wamba a kuchigwa, olekeza m'chiuno, amene mapira a makolo akhala akuwapirira kuyambira kale. Minda ya anthu a mipingo ina, amene sanalandire mbewu ija, inapulumuka. Minda ya mabanja makumi atatu ndi awiri aja inamira, pamodzi ndi wa a Elisha.

Sabata yomweyo kunabwera imelo ya mkonzi. Mlangizi wina wa zaulimi wa kwa Katunga, amene anaona timinda tija titamira chaka chathacho, anali atawerenga pepalalo n'kulembera magaziniyo kuti masiku amene wolemba akuti ankayeza zokolola, iye ankadutsa pamalopo pabwato. Mkonziyo atafufuza anapezanso kuti maprofesa awiri aja sanamvepo za pepalalo. Linachotsedwa, ndipo pa intaneti analidinda mawu ofiira patsamba lililonse. Ataitanidwa ku komiti ya yunivesite, Maclean anati iye kumunda sanapiteko, manambala onse anachita kupatsidwa. Pa mawu amenewo okha sananame. Onse awiri anachotsedwa, ndipo Tithokoze ananyamula chikwama chake kulowera kuchigwa.

Anapeza bambo ake kumunda m'mawa, ataima m'matope olekeza m'mawondo, akutola ngala zoola n'kuziyang'ana imodziimodzi ngati mwina ipezeka yamoyo. Atamuona, iwo ndi amene anayamba kumupepesa. Anati asadandaule, mwina iwo ndi amene analakwitsa kadzalidwe, chifukwa sukulu sanapite nayo patali. Mawu amenewo ndi amene anamuthyola. Anagwada m'matope momwemo n'kunena zonse, za kope, za timinda ta kwa Katunga, za manambala opeka, za Maclean.

A Elisha anataya ngala zija m'matope. Kenaka anafunsa funso limodzi, ngati ankadziwa kale kuti mbewuyo imamira pamene anthu ankadzala.

"Ndinkadziwa, ababa."

Sanamumenye, sanamutukwane. Anapukuta manja pa thalauza, nati, "Anthu aja sanakhulupirire pepala, anakhulupirira ine. Dzuka. Tiyenda khomo ndi khomo, ndipo ukanena ndi pakamwa pako."

Khomo loyamba linali la a Nancy, mayi wamasiye wa ana anayi. Anawapeza atakhala pakhonde akusenda nyika, tizinthu takuda towawa tija timene anthu amakazula m'dambo, pakati pa ng'ona, chakudya china chikatheratu. Tithokoze anafotokoza atazyolika. Ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma a Nancy anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja.

"Ndamva, mwanawe, ndipo kukhululuka ndakhululuka. Koma tandiuza, poti ndiwe wophunzira. Mitolo yanga ndinadya. Chaka chamawa ndidzala chiyani?"

Tithokoze anayang'ana bambo ake, ndipo bambo ake anayang'ana pansi. Mayi uja anadikira pang'ono, kenaka anatola nyika ina n'kupitiriza kusenda. Awiriwo anatsazika, natuluka kupita khomo lachiwiri. Anali atatsala ndi makomo makumi atatu ndi limodzi, ndipo dzuwa linali litangoyamba kutentha.

Inu amene muli pasukulu, amene mawa mudzalemba zinthu zoti anthu akhulupirire, imvani izi mosabisa. Kulemba chimene sunaone ndi bodza, ngakhale litavala Chingelezi ndi manambala, ndipo bodza ndi tchimo. Ngati kafukufuku walephera, lembani kuti walephera, pakuti kulepherako ndi kumene kukanapulumutsa mudzi wa a Elisha. Tithokoze analapa, ndipo tikhulupirira kuti Mulungu anamumvera. Magazini inachotsa pepala lake tsiku limodzi. Koma kulapa kwake sikunabweze mbewu kudenga la a Nancy, ndipo ana anayi aja chaka chimenecho anakulira nyika.