Kafano ka Bambo pa Mwendo wa Mlendo

Orawan ankayala mabedi m'ngolo ya akazi okhaokha, mu sitima yochoka ku Bangkok kupita ku Chiang Mai. Tsiku lina ali pakhomo la ngoloyo, panafika mnyamata akutsogolera azungu asanu, aliyense chikwama kumsana ngati kamba.

"Nong, ngolo yachitatu ndi iti?" anafunsa mnyamatayo, kumuitana ngati mlongo wake wamng'ono.

"Manambala alembedwa, Phi, achimwene. Werengani."

"Ndawaona kale. Ndimangofuna ndimve mawu ako."

Dzina lake anali Sarawut. Ankaonetsa alendo mzinda, masana ku akachisi, madzulo ku mabala a ku Khao San. Kuyambira tsikulo foni ya Orawan sinapumenso.

"Kamango kanga, wadya?"

"Mvula ikangoyamba ndikupita ku Lampang kukagwadira mayi ako. Ndalonjeza."

Patatha miyezi isanu Sarawut anagwa pa njinga yamoto, nasupuka mkono. Orawan anavula m'khosi mwake kafano ka Buddha kadongo, ka m'kabokosi ka siliva. Bambo ake anakavala zaka makumi atatu mpaka tsiku limene anamwalira. Sarawut anakalandira ndi manja awiri, nakakweza pamphumi.

"Kameneka kadzachoka m'khosi mwanga tsiku lodzawotcha mtembo wanga."

Sabata ina mnzake wa Orawan wa pantchito anadwala, Orawan n'kumugwirira ulendo wa Lachitatu usiku, tsiku limene iye ankapuma. Sanamuuze Sarawut za kusinthaku. Kutacha, sitima ikuyandikira Chiang Mai, anayamba kupinda mabedi. Pa bedi lina lam'mwamba panatulukira phazi kunja kwa katani, kunsi kwake kuli bii ndi fumbi. Pa kakolo panali chingwe chofiira, ndipo pa chingwepo pankalendewera kabokosi ka siliva, kophwanyika pakona pomwe bambo ake a Orawan anakagunditsa pa chitseko cha lole.

Orawan anakazindikira nthawi yomweyo. Kwawoko ngakhale mwana wa zaka zitatu amadziwa kuti phazi salozera nalo munthu, nanji Buddha. Ndipo phazi limenelo linali litaponda kangati m'chimbudzi cha sitima?

Anadzutsa mwini phazilo, mtsikana wachizungu wa maso atulo, namufunsa ndi Chingerezi chake chochepa.

"Pepani. Aka mwakatenga kuti?"

"Nkokongola, eti? Anandipatsa bwenzi langa Sarawut, ali m'ngolo yachitatu. Akuti ndi ka agogo ake, ndipo amakapereka kwa mkazi mmodzi yekha. M'khosi ndinali kale ndi mikanda, ndiye anandimanga yekha pamwendo."

"Ndi ka bambo anga," anatero Orawan.

Mtsikanayo anamuyang'ana kwa nthawi, nkhope n'kufiira. Anamasula mfundo ija, namupatsa kafanoko. Orawan anakakulunga mu nsalu yoyera ya pilo.

Sitima itaima, Sarawut anatsika akuseka ndi alendo ake. Atamuona Orawan ndi kansalu m'manja, kuseka kunathera pomwepo.

"Kamango kanga, si Lachinayi lero? Ndimayesa ukupuma."

"Onetsa khosi lako."

"Nong, tandimvera. Ndi ntchito chabe imeneyi. Alendo amakonda tinthu tachikale. Ndimati ndikatenga asanakwere ndege. Azungu sadziwa kanthu, sanalakwe dala."

"Iye sadziwa, n'zoona. Nanga amene anawerama n'kumanga mfundo ndani?"

Sarawut anayang'ana pansi, kenako anayesa kumugwira dzanja. Orawan anabwerera m'mbuyo ngati munthu amene waona masanzi panjira.

"Mtima wanga, zonsezi chifukwa cha kadongo?"

"Patukani, bambo. Anthu akutsika."

Orawan anamaliza ntchito yake bwinobwino, anawerenga nsalu, anasesa ngolo. Foni inalira kasanu ndi kawiri m'thumba, iye osaigwira. Misozi sinabwere. Chimene ankamva ndi kunyansidwa basi, ngati wameza tsitsi.

Masana anakwera galimoto yofiira yonyamula anthu kupita ku kachisi wina waung'ono kunja kwa mzinda. Anavula nsapato, anagwada patsogolo pa mmonke wokalamba, naika kafano pa nsalu imene mkuluyo anayala, pakuti mmonke salandira kanthu m'manja mwa mkazi.

"Luang Pho, bambo wolemekezeka, ndikupempha mukatsuke ndi madzi odalitsidwa. Kadetsedwa."

Mkuluyo anakatembenuza, nanunkhiza mafuta odzola a padzuwa amene anamatirira pa siliva.

"Kanagwa pansi, mwana wanga? Kapena anakubera?"

"Ayi," anayankha Orawan. "Ndinakapereka ndekha, ndi manja awiri."