Analemba "Ayi" ndi Dzanja Lake

Munthu amene anapasula nyumba yanga ndi Ma Chang-bae, wogula zitsulo zakale uja, ndipo anachita zimenezi mu Seputembala 2014, tikuyanika tsabola. Abusa anandipempha kuti ndilembere achinyamata a mumpingo nkhaniyi popanda kutchula maina. Ndinakana. Sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina la munthu ameneyu ndimatha kulilemba.

Mdzukulu wanga Dong-ryul tinamulera ine ndi mkazi wanga kuyambira ali wamng'ono, bambo ake atamwalira, mayi ake atakwatiwanso ku Ulsan. Pakhomo pathu panali pamtendere. Tinkapemphera tisanadye. Mnyamatayo ankaimba kwaya, ndipo pothyola tsabola ankandisiya mizere iwiri m'mbuyo.

Atakwanitsa zaka makumi awiri, Chang-bae anayamba kuimika lole yake pageti pathu.

"Iwe, manja amphamvu ngati amenewa ukuwathera mu tsabola? Kwera ukaone mmene amuna amadyera."

"Agogo sangalole, achimwene."

"Agogo akowo adzakusiyira chiyani? Chifuwa ndi khasu?"

Anakwera. Zinayamba ndi nyama yankhumba yootcha ndi mowa wa soju. Ankabwera akununkha, kwaya n'kuisiya.

"Ukuganiza kuti nyama imeneyo akukugulira chifukwa cha nkhope yakoyo?" mkazi wanga anamufunsa tsiku lina.

"Agogo, inu aliyense mumamuona ngati Satana."

Kenaka matumba a tsabola wouma anayamba kusowa m'mudzi. Ankasowa masana, tsiku la msika, anthu onse atakwera basi kupita kutauni. Poyamba Dong-ryul ankangolondera kumsewu, Chang-bae akuba. Kenaka anayamba kuyendetsa lole. Kenaka anayamba kusenza yekha matumbawo. Ine ndinaona nsapato zatsopano pakhomo.

"Wazitenga kuti?"

"Ndagula."

"Ndi thukuta la ndani?"

Anangotola nsapatozo n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la msika lotsatira awiriwo anapita kwa Mayi Bong, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu amene ankakhala kutsogolo kwathu m'tchalitchi. Mayiwo basi inawasiya, ndiye anabwerera kunyumba n'kupeza awiriwo akukweza matumba. Anagwira thumba limodzi akukuwa. Chang-bae anawakankha, iwo anagwa chagada n'kumenyetsa mutu pamwala wa pakhonde. Chang-bae anathawira mu lole. Dong-ryul anagwada, anawagwira m'mikono, anawatsamiritsa kukhoma, kenaka nayenso anathawa. Zonsezi anadzandiuza pambuyo pake, tikulankhulana kudzera pagalasi la kundende.

Anandiuzanso zimene Chang-bae anamulangiza m'njira.

"Akakuitana, ukanene kuti unali wekha, lole unangobwereka. Iwe ndi mwana wa kwaya, sunalakwepo, akangokudzudzula basi. Ine akandigwira ndikaolera m'ndende. Ndipo usayerekeze kuitanitsa loya. Munthu akaitanitsa loya, apolisi amadziwiratu kuti ali ndi chobisa. Wamva, mphwanga?"

"Ndamva, achimwene."

Patapita masiku atatu, m'mawa, apolisi anaimba foni kuti Dong-ryul apite akayankhe mafunso ochepa. Mkazi wanga anangokhala pansi, supuni ili m'manja. Ine ndinavala jekete yopitira kumaliro. Mabatani ake anandimangira ndi mkazi wa abusa, amene anabwera atamva nkhaniyo.

Achinyamata inu simukudziwa apolisi a nthawi yathu. Mkulu wanga analowa kupolisi chifukwa cha mawu amene anayankhula ataledzera, anatuluka khutu limodzi litagontha. Kuyambira pamenepo yunifomu ndimaiopa.

Mkazi wa abusa anaimbira mwana wa mchemwali wake, Mayi Eom, loya wa ku Andong, n'kundipatsa foniyo.

"Agogo, panopa ndili kukhoti, ndifika 3 koloko. Muuzeni asayankhe chilichonse mpaka ndikhale pambali pake. Ndi ufulu wake, palibe angamuletse. Mwamva bwino?"

"Ndamva, a loya."

Kupolisi sanatikalipire. Wapolisi wofufuza anali munthu wofatsa, anatipatsa khofi m'timakapu tapepala. Nditamuuza za loya, anamwetulira.

"Palibe vuto, madala, ngati mukufuna tidikira. Kungoti nkhani yaing'ono ikalowa maloya imakula. Tikayamba panopa, mnyamatayu chakudya cha masana akadyera kwawo."

Dong-ryul anandiyang'ana. Milomo yake inali itauma gwa. Ndinaganiza za khutu la mkulu wanga, ndinaganiza kuti munthu waulemu chonchi tikamudikiritsa maola asanu asintha nkhope.

"Usawavutitse abwanawa," ndinatero. "Kayankhe mwaulemu."

Mawu amenewa anatuluka pakamwa panga, sindikana. Koma anatifikitsa pamenepo ndani?

Ine sanandilole kulowa, anati mnyamatayo ndi wamkulu. Asanayambe mafunso amakupatsa pepala. Pamenepo pamakhala funso loti kodi ukufuna loya akhalepo pamene ukufunsidwa, ndipo yankho umalemba wekha. Dong-ryul analemba "Ayi" ndi dzanja lake.

Ndinakhala pabenchi maola anayi. Ndinkatchera khutu kuti ndimve ngati akumumenya. Sindinamve kalikonse, koma zala za wapolisi zikugogoda pakompyuta. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira n'kuwerama, ngakhale wotulukayo akhale wokolopa.

M'katimo zinayenda chonchi.

"Unali wekha?"

"Inde, bwana."

"Mayi aja unawagwira?"

"Ndinawagwira m'mikono."

"Ndiye anagwa?"

"Anali pansi, bwana."

"Unawagwira m'mikono, anapezeka pansi. Si choncho?"

"Inde, bwana."

Anamupatsa masamba khumi ndi limodzi kuti awerenge. Akuti zilembo zinkangovina m'maso mwake, komanso ankaopa kuti akawerenga nthawi yaitali aoneka ngati akuwakayikira abwanawo. Anaviika chala chachikulu mu inki yofiira n'kudinda tsamba lililonse.

Mayi Eom anafika itatsala pang'ono kukwana 3 koloko, akupuma wefuwefu. Anali aafupi msinkhu, osafika ndi paphewa panga. Anawerenga masambawo ataimirira, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Dong-ryul, unawagwira asanagwe kapena atagwa kale?"

"Atagwa kale. Ndinkafuna kuwadzutsa."

"Nanga bwanji pano sizinalembedwe?"

"Sanandifunse."

Anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira.

"Agogo, funso limeneli ndi limene ndimabwerera. Pa pepalali uyu si wakuba tsabola. Ndi munthu amene analanda katundu n'kuvulaza nkhalamba, ali yekha."

Chakudya cha masana Dong-ryul sanakadyere kwawo. Pomutsekera, apolisi anamuvula lamba ndi zingwe za nsapato ine ndikuona.

Ngakhale pamenepo mwana wopusayo anamubisabe Chang-bae masiku asanu ndi anayi. Kwa woimira boma pa mlandu anabwerezanso kuti anali yekha. Ankati achimwene anamulonjeza kuti amutulutsa. Pamene anadzamutchula Chang-bae, woimira bomayo anamuuza kuti akusintha mawu pofuna kudzipulumutsa. Mayi Bong atatsitsimuka kuchipatala ankakumbukira nkhope imodzi yokha, ya Dong-ryul, itawaweramira, manja ake ali m'mikono mwawo.

Chang-bae naye apolisi anamuitana chifukwa cha lole. Yemwe uja wonena kuti woitanitsa loya ali ndi chobisa, anabwera ndi loya wovala suti, n'kukhala naye phewa ndi phewa. Ananena kuti lole anabwereketsa. Mafunso ena onse anangoti sayankha.

Dong-ryul anamugamula zaka zinayi. Mkazi wanga anamwalira m'chaka chachiwiri, akufunsabe ngati kundende amawapatsa mabulangete okwanira. Mayi Bong sanayendenso. Ana awo akandiona pamsika amalavula pansi, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Mnyamatayo anatuluka, koma m'mudzi muno safika. Amagwira ganyu kudoko lina kummwera. Amaimba foni kamodzi pachaka, timakambirana za nyengo.

Tsono mverani, achinyamata. Mdzukulu wanga anaba, pamenepo sindimuikira kumbuyo. Musakwere galimoto ya munthu amene akunyoza makolo anu. Musadye nyama imene simukudziwa gwero lake, chifukwa tsiku lina mudzamusenzera matumba, kenaka mudzamusenzera mlandu. Koma mukalakwa kale, mwafika kupolisi, musawonjezerepo bodza lobisa mnzanu. Akakupatsani pepala lija, lembani "Inde", mutseke pakamwa, mudikire loya akhale pambali panu, ngakhale mudikire tsiku lonse ndi njala. Musadinde tsamba limene simunawerenge. Ndipo nkhalamba yamantha ngati ine ikakuuzani kuti musawavutitse abwana, musaimvere.

Ma Chang-bae anatuluka kupolisi tsiku lomwelo limene anamuitana, dzuwa likadali pamutu. Sanaimepo m'khoti. Panopa ali ku Daegu, amagulitsa matayala, ndipo ndamva kuti wanenepa.